Tsitsi Likamayoyoka, Yang'anani Khungu

Ana anga, ndi inu adzukulu amene mwayamba kulera anu ana, nkhani ya tsitsi ikukudyerani ndalama zambiri pachabe. Munthu akangoona kuti m'chipeso mukutsalira tsitsi lochuluka, basi ulendo wa kumsika. Uyu wagula mafuta, uyo sopo, winayo kabotolo kolembedwa chilankhulo chimene iye mwini sachimva. Onsewo maso ali pa tsitsi lagwalo, chonsecho tsitsi limenelo linali lakufa kale. Ngakhale limene muli nalo pamutulo, mbali imene mumapesa ndi kuluka ilibe moyo, n'chifukwa chake pometa simulira. Chamoyo ndi muzu, ndipo muzuwo umakhala m'kathumba kakang'ono mkati mwa khungu. Pamutu pa munthu pali timatumba totere pafupifupi 100,000. Timabadwa nato tonse, ndipo kamodzi kakafa thupi silipanga kena. Tsiku ndi tsiku tsitsi lapakati pa 50 ndi 100 limagwa lokha, lina n'kumera m'timatumba tomwe tija. Amenewo si matenda.

Dambo likapsa m'chilimwe, mvula yoyamba ikangogwa msipu umaphuka, chifukwa moto unangonyambita pamwamba. Koma pamene anawotcherapo uvuni wa njerwa, mungadikire zaka, simudzaonapo udzu. Matenda a pamutu alinso pawiri chomwecho. Ena amagwetsa tsitsi n'kusiya muzu wamoyo. Ena amapha muzuwo n'kusiya chipsera chosalala, chonyezimira, chopanda ndi kabowo komwe, ndipo palibe mafuta kapena mapiritsi amene angameretsepo tsitsi. Chimene chimandiwawa ine n'chakuti ambiri mwa matenda ofika pa chipsera amayamba ali ochizika. Chimawafikitsa pamenepo ndi kuchedwa kwathu, ndiponso mankhwala aukali amene timathira pamitu ya ana athu ndi manja athu omwe.

Ndiyambe ndi chipere, poti ndicho chadzadza m'masukulu. Kaimeni pageti la sukulu ya pulayimale ana akamaweruka, muyang'ane mitu ya a Sitandade 1 mpaka 4. Mudzaona timabwalo totuwa, tsitsi litathyokathyoka pafupi ndi khungu, pena timadontho takuda pamene lathyokera. Tinazolowera mpaka timati mwana aliyense amadutsamo, ndipo ena amangoti mwanayo sasamba. Ayi ndithu, mwana wosamba kawiri patsiku amachitenganso. Chipere chimabwera ndi fangasi, tizilombo ta mtundu umodzi ndi nkhungu, timene timadya tsitsi ndi khungu lapamwamba. Kuno ku Africa mitundu imene imavutitsa kwambiri, monga Trichophyton violaceum ndi Microsporum audouinii, imachoka kwa munthu kupita kwa munthu mnzake. Ilipo ina yochokera kwa amphaka ndi agalu, ndi ina ya ng'ombe, imene imakonda anyamata a kubusa. Timbewu ta fangasiyu sitioneka ndi maso, ndipo timatha miyezi yambiri tili ndi moyo pachipeso, pachipewa, pamtsamiro, pamphasa ndi pamashini ometera.

Chipere cha m'mutu chimakonda ana amene sanathe msinkhu. Munthu akatha msinkhu, khungu la pamutu limayamba kutulutsa mafuta amene fangasi sagwirizana nawo, n'chifukwa chake akuluakulu sichiwagwira kawirikawiri. Komabe amayi kapena agogo angathe kukhala ndi tizilomboti popanda chizindikiro chilichonse, n'kumapatsira ana pa chipeso chimodzi chija cha nyumba yonse. Nkhani ya mafutayi ikuphunzitseninso china. Vuto la mfundu ndi la makanda ndi la anthu otha msinkhu. Mwana wa zaka 6 kapena 8 akamafundula m'mutu, makamaka ngati kunkhongo kapena kuseri kwa khutu kwatuluka mwanabere, musathamangire kunena kuti ndi mfundu. Ganizani za chipere.

Pamene ambiri timaphonya ndi pa mankhwala. Chipere cha pamkono kapena patsaya chimatha ndi opaka, monga Whitfield kapena clotrimazole. Cha m'mutu sichitha ndi opaka okha, chifukwa fangasi amatsika ndi tsitsi mpaka m'kathumba muja, n'kulowa mkati mwenimweni mwa tsitsilo, kumene mafuta opaka safika. Mukapaka, pamwamba pamayera sabata ziwiri, mayi n'kusangalala, kenako chabwerera ndi anzake awiri. Pamafunika mapiritsi akumwa, kuti mankhwala adzere m'magazi n'kukalowa m'tsitsi limene likumera kumene.

Inu a lero muli ndi mwayi umene azungu omwe analibe. Ku Paris, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, dokotala Raymond Sabouraud ankachiza ana a chipere powaunika m'mutu ndi X-ray mpaka tsitsi lonse lithothoke, kuti limere latsopano lopanda fangasi. Njirayo inafalikira m'maiko ambiri, ndipo patapita zaka makumi angapo ena mwa ana aja anapezeka ndi zotupa za muubongo ndi khansa ya chithokomiro. Zinthu zinasintha mu 1958, pamene zinadziwika kuti mankhwala a griseofulvin, amene anali atapezeka mu 1939 kuchokera ku nkhungu ina, amapha chipere munthu akawamwa. Mapiritsi omwewo ndi amene lero amaperekedwa m'zipatala mwathu ndi kugulitsidwa m'mafamase.

Koma griseofulvin amafuna kudekha. Mwana amamwa tsiku lililonse kwa milungu 6 mpaka 8, pena kupitirira, ndipo ambiri amasiyira pa sabata yachitatu poona kuti mutu wayera. Malizitsani. Mapiritsiwa amalowa bwino m'thupi akamwedwa ndi chakudya cha mafuta, choncho mpatseni mwana akudya phala la nsinjiro, peyala kapena mkaka, osati m'mimba muli mbee. Mlingo wake umatsata kulemera kwa mwana, n'chifukwa chake amayamba amuyeza pasikelo. Kubenthula piritsi limene linatsala kwa mkulu wake n'kungoyesa mwayi. Mayi woyembekezera sayenera kumwa griseofulvin, ndipo amene akumwa mapiritsi olera auze adokotala, chifukwa mankhwalawa amafooketsa mphamvu ya mapiritsi olerawo. Alipo enanso otchedwa terbinafine, amene pa mitundu ina ya chipere amatha ntchito pa milungu 4. Wosankha ndi wachipatala.

Mwana mmodzi akapezeka nacho, pendani mitu ya onse ogona naye mphasa imodzi, apo ayi muzingochiza uyu, uyo akudikira kumubwezera. Zipeso ziviikeni m'madzi a Jik, zofunda ndi zipewa zichapeni ndi madzi otentha n'kuziyanika padzuwa. Shampu ya ketoconazole, kawiri pasabata, imachepetsa timbewu tija kuti tisafalikire, ngakhale payokha sichiza. Mwana akayamba kumwa mankhwala apite kusukulu, palibe chifukwa chomusungira kunyumba teremu yonse. Kumeta mpala nakonso sikuchiza, poti lezala silifika kumene kuli fangasi, ndipo tsitsi lalitali silimene limabweretsa chipere. Mu 2023 Khoti Lalikulu ku Zomba linagamula kuti ana a Chirasta aziloledwa m'masukulu a boma ndi tsitsi lawo lopota. Chofunika kwa kholo la mwana wa tsitsi lalitali, wa madiredi kapena woluka, n'kumalipatula tsitsilo nthawi ndi nthawi kuti aone khungu, chifukwa chipere chimakula mobisala.

Nthawi zina thupi la mwana limalimbana ndi fangasi mwaukali, pamutu n'kutupa chotupa chachikulu, chofewa, chowawa, chotulutsa mafinya m'timabowo tambiri, tsitsi likungozuka lokha mukaligwira. Achipatala amachitcha kerion. Chimaoneka ngati chithupsa chakupsa, ndipo apa ndi pamene malume wolimba mtima amatulukira ndi lezala kuti aching'ambe. Musalole. Mulibe thumba la mafinya loti liphulike mmenemo, ndipo kucheka kumangowonjezera chipsera. Mankhwala ake ndi omwe aja akumwa, ndipo akayambidwa msanga tsitsi lambiri limabwerera. Akachedwa, mwana wa zaka 7 amakula ndi dazi la pambali limene adzalibisa ndi chipewa mpaka ukalamba.

Tsono za mankhwala a kunyumba ndinene mosapsatira. Ndaonapo ana atapakidwa oilo wakuda wa galimoto, mafuta a mabuleki, parafini, madzi a m'batire, utomoni wa nkhadze, ena atakhulidwa ndi chitsononkho mpaka magazi kuti mankhwala alowe. Amene amachita zimenezi si anthu ankhanza. Ndi makolo achikondi amene anauzidwa ndi mnzawo kuti kwa iye zinathandiza. Zimene zimachitika n'zakuti khungu limapsa, nkhanambo n'kuphimba pamwamba, chipere n'kuoneka ngati chafa. Fangasi ali pansi phee, koma timatumba ta tsitsi ndi timene tapsa. Utomoni wa nkhadze ukalowa m'diso la mwana wolimbalimba uja, mwawonjezera tsoka lina. Palinso timachubu ta mafuta timene amagulitsa pamsika, tina mwa ito tomwe atsikana amadzola kuti ayere, tokhala ndi mankhwala monga betamethasone ndi clobetasol. Amenewa amaziziritsa kuyabwa tsiku lomwelo, munthu n'kuyesa wapeza mankhwala amphamvu, chonsecho agonetsa chitetezo cha khungu, fangasi n'kumayenda momasuka. Bwalo limakula, m'mphepete mwake n'kuzimiririka, mpaka ndi adokotala omwe amavutika kulizindikira.

Anyamata, tsopano ndi inu. Kubabashopu kumene mumapita Loweruka lililonse, mashini amodzi amadutsa mitu yambirimbiri kuyambira m'mawa, ndipo pakati pa mutu ndi mutu ometa ambiri amangopemerera ndi pakamwa, kapena kuwaza sipiriti kamodzi n'kupitiriza. Ofufuza a ku University of Cape Town anatenga mashini 50 m'malo ometera a mumzindawo, ndipo zotsatira zimene anafalitsa mu 2018 zinaonetsa kuti 42 mwa 100 alionse anali ndi magazi a munthu. Anayi mwa mashini 50 aja anapezeka ndi kachilombo ka matenda a chiwindi a hepatitis B. Ka HIV sikanapezeke. Kametedwe kofika pakhungu penipeni, kamene abale athu a ku Joni amakatcha chiskop, ndiko kamatulutsa magazi kwambiri, nthawi zina osaoneka ndi maso. Sindikunena kuti muleke kumeta kapena mudane ndi ometa, nawonso akusaka ya ufa. Koma muli ndi pakamwa. Auzeni achotse tsitsi la mnzanu ndi burashi, atsuke mano a mashini, athire mankhwala n'kudikira pang'ono. Lezala alitsegule m'pepala inu mukuona. Banja limene lingakwanitse ligule mashini akeake, ana azinyamula popita kokameta. Kumudzi nakonso, kumene mwambo wa kumeta pambuyo pa maliro ukadalipo, lumo limodzi lisazungulire mbumba yonse. Aliyense abwere ndi lezala lake, mwambo sungawonongeke. Za helemeti ya wakabaza, imene yavalidwa ndi mitu yosawerengeka, valani kachipewa kopyapyala kapena duku mkati, koma helemetiyo musaikane. Zotupa za pakhungu zimachira, chigaza chosweka ndi nkhani ina.

Pali timatuza tina tolimba timene timatuluka kunkhongo kwa amuna ometa pafupipafupi. Timayamba ting'onoting'ono, toyabwa, munthu n'kumatikanda, wometa n'kumatidula mitu sabata ndi sabata, kolala ya shati n'kumakhula pomwepo. Pakapita zaka timalumikizana kukhala chipsera chimodzi chokhuthala, chotukuka, chopanda tsitsi, china chikutuluka mafinya ndi fungo. Si zopatsirana, ndipo si chizindikiro cha matenda a kuchigololo monga ena amanong'onezana. Tsitsi lathu lopotanali, likametedwa mofika pakhungu, limakwiyitsa kathumba kake. Mukaona timatuza toyamba, lekani kumeta mpala, siyani tsitsi kunkhongo likuleko pang'ono, ndipo pitani kuchipatala tikadali tating'ono. Pamenepo mankhwala opaka, mapiritsi monga doxycycline kapena jakisoni wa pomwepo amatha kutigonjetsa. Tikakula, chotsala ndi mpeni wa dokotala.

Atsikana ndi amayi achichepere, nkhani yanu ndiyo ndikufuna nditayepo nthawi, chifukwa pano palibe kachilombo koti tikaloze chala. Ndi manja athu. Mtsikana amachoka kusaluni nkhope itakokeka, nsidze zitakwera, usiku woyamba osagona, m'mawa wamwa Panado, anzake n'kumamuuza kuti apirire, meshi yolimba ndiyo imakhalitsa. Kuwawa kumeneko ndi muzu ukuzuka. Timatuza toyera timene timatuluka m'mphepete mwa chipumi pakapita masiku awiri ndi timatumba ta tsitsi tatupa. Mukamasula, tsitsi limamera, mukalukanso chimodzimodzi, limameranso koma lochepa, mpaka tsiku lina pamwamba pa makutu ndi pachipumi pamangotsala pambalambanda, kutsogolo kuli kamzere ka titsitsi tofooka. Pulofesa Nonhlanhla Khumalo, dokotala wa khungu wa ku Cape Town, anapenda mitu ya anthu a ku Langa, dera la mumzindawo, ndipo mu 2007 anafalitsa kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vuto limeneli, pamene mwa atsikana a pasukulu anali 17 mwa 100 alionse. Anapezanso kuti choopsa kwambiri n'kuluka kapena kusokerera tsitsi lowonjezera pa tsitsi limene lawongoledwa kale ndi mankhwala.

Mankhwala owongolera tsitsi ambiri ali ndi soda waukali, yemweyo amene amapangira sopo. Amagwira ntchito pothyola zimene zimalimbitsa tsitsi, choncho tsitsi lowongola ndi lofooka ngakhale likunyezimira. Wina akamakuuzani kuti pirirani pang'ono, kutenthako ndiye kuti akugwira, dziwani kuti chikupsa ndi khungu lanu, mutsukeni msanga. Nkhanambo imene mumaipeza m'mutu m'mawa mwake ndi bala lamoto. Ngati mwasankha kuwongola, pakani pa tsitsi latsopano lokha, musabwereze miyezi iwiri isanathe, ndipo musaluke sabata yomweyo. Meshi ikhale yopepuka, yosafika m'chiuno, ndipo titsitsi tating'ono ta m'mphepete tisiyeni, woluka asatithamangitse. Mukamasula, mutu upume milungu ingapo. Guluu womatira wigi pachipumi amazula tsitsi nthawi iliyonse mukamamatula. Madiredi olemera, okokedwa kumbuyo tsiku ndi tsiku, amachita chimodzimodzi kwa amuna omwe. Lamulo langa ndi lophweka: chikawawa, masulani tsiku lomwelo, ngakhale mwalipira zingati. Ndipo mwana wa zaka zitatu amene mumamukhazika pakati pa miyendo, akulira, inu mukukoka ndi ulusi kuti akaoneke bwino kutchalitchi, iyeyo sanapemphe zimenezo. Akadzafika kusekondale chipumi chitafika pakati pamutu, mudzamuuza kuti ndi zakumtundu?

Pali vuto lina la amayi limene limayambira paliwombo n'kumakula mozungulira pang'onopang'ono, nthawi zambiri kwa amene apitirira zaka 30. Pena pamayabwa, pena pamawawa mukadina, pena palibe chilichonse. Madokotala a ku America atalilemba mu 1968 analoza chala chipeso chamoto. Mu 2019 kafukufuku amene Pulofesa Ncoza Dlova wa ku Durban anatengamo mbali anaonetsa kuti ena amabadwa ndi chofooka m'magazi chimene chimawaika pangozi, choncho limayenda m'mabanja, ndipo kukoka ndi kuwotcha kumangolifulumizitsa. Ili ndi la chipsera. Choipa chake n'chakuti paliwombo mwini mutu sapaona, ndipo wigi imabisa mpaka pakule ngati chikhatho. Muli ndi mafoni. Uzani mnzanu akujambuleni pamwamba pamutu tsitsi lili lomasula, muziyerekeza pakapita miyezi. Mankhwala amatha kuimitsa vutoli kuti lisapitirire, koma pamene pafa kale sabweza.

Tsopano ndikuuzeni za kabwalo kamene kapasula maubale ambiri. Munthu amadzuka m'mawa, kapena wometa ndiye amamuuza, kuti pamutu pali malo ozungulira, osalala, opanda tsitsi ndi limodzi lomwe, osayabwa, osafundula, osawawa. Ena kamawatulukira m'ndevu. Poti kabwera mwadzidzidzi ndipo ndi koyera bwino, anthu amati afiti amumeta usiku, ndipo madzulo asanafike dzina la gogo wina wa m'mudzi latchulidwa kale. Ana anga, tikudziwa tonse zimene zachitikira okalamba m'dziko muno chifukwa cha milandu yotere. Matendawa amatchedwa alopecia areata, ndipo amapezeka m'maiko onse, kwa anthu a khungu lililonse. Chitetezo cha m'thupi, chimene ntchito yake n'kulimbana ndi tizilombo, chimasokonezeka n'kuyamba kulimbana ndi mizu ya tsitsi la mwini wake. Koma sichiipha, chimangoigoneka. N'chifukwa chake kwa ambiri a kabwalo kamodzi kapena tiwiri, tsitsi limabwerera lokha chaka chisanathe, poyamba loyera ndi lofewa, kenako lakuda. Sing'anga amene anatema mphini pamenepo amalandira ulemu wa ntchito imene thupi likanagwira lokha. Si opatsirana. Kwa ochepa amakula mpaka mutu wonse ndi nsidze zomwe, ndipo amenewo akaonane ndi dokotala wa khungu.

Kuyoyoka kwina sikufuna mankhwala a m'mutu n'komwe. Mayi akabereka, pakapita miyezi itatu tsitsi limagwa lodzadza manja, iye n'kuda nkhawa kuti mwina apongozi amuchita chipongwe. Zomwezo zimachitika miyezi iwiri kapena itatu munthu atachira malungo aakulu, taifodi, opaleshoni kapena chisoni chachikulu. Mizu yambiri inapuma nthawi imodzi, ndipo imadzukanso yokha m'miyezi ingapo. Chimodzimodzi amene akulandira mankhwala a khansa, tsitsi limabwerera akamaliza. Likapitirira kugwa, munthu akutopa msanga, zikhatho zitayera, kayezetseni magazi, chifukwa kusamba kwambiri kumwezi, njoka za m'mimba ndi likodzo zimachepetsa magazi, tsitsi n'kumva nawo. Chithokomiro chikasokonezeka chimateronso. Mwana wamng'ono amene tsitsi lake lafiira, lapyapyala, likuzuka mosavuta, mapazi atatupa, ameneyo vuto ndi chakudya. Thamangani naye kusikelo lero lomwe, za tsitsi mudzaziona pambuyo.

Zilipo zina zimene mutu umaulula pamene mwini wake akufuna kubisa. Chindoko chikalowa m'magazi, milungu kapena miyezi kachilonda kosawawa ka kumaliseche katapola kokha, tsitsi limatha kuthothoka timipata tambiri tosalongosoka, kumbuyo ndi m'mbali mwa mutu, nthawi zambiri pamodzi ndi timadontho tosayabwa m'zikhatho ndi kumapazi. Jakisoni wa benzathine penicillin amachiza, tsitsi n'kubwerera, koma apite onse awiri, mwamuna ndi mkazi, apo ayi adzapatsananso. Kwa mayi woyembekezera chindoko chimapha mwana m'mimba, n'chifukwa chake kusikelo amayeza. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Munthu wamkulu akamavutika ndi mfundu wosamva mankhwala, kufundula kukufika m'nsidze, m'mbali mwa mphuno ndi pachifuwa, kapena akagwidwa ndi chipere cha m'mutu chimene ndati n'cha ana, ndi nzeru kukayezetsa HIV. Sindikunena kuti aliyense wa mfundu ali ndi kachilombo, musapite nazo kumadzi zimenezi. Ndikunena kuti khungu ndilo limayamba kudandaula chitetezo chikatsika, ndipo mankhwala a ma ARV akayambidwa limakhalanso bwino.

Mabala a pamutu, pankhope kapena m'makutu amene pakati pake payera, m'mphepete mwada, ndipo amakula ndi dzuwa, angakhale matenda otchedwa lupus, amene amasiya chipsera ngati sachizidwa msanga. Nsidze zikamatha kuyambira cha kumakutu, pathupi pali banga lotuwa limene silimva mukalitsina, kumbukirani khate. Mu 1994 dziko lathu linafika pa mlingo umene bungwe la WHO limati khate silikuopsezanso mtundu, koma silinatheretu, ndipo mankhwala ake ndi aulere.

Dazi la amuna, lija limayambira m'mbali mwa chipumi ndi paliwombo, khungu lili bwinobwino, ndi la kumtundu. Yang'anani abambo anu ndi amalume anu. Alipo mankhwala opaka otchedwa minoxidil amene amathandizako ena, koma amagwira pokhapokha mukupaka, mukasiya tsitsi limene linamera limagwanso. Mafuta ena onse amene amalengezedwa pa Facebook ndi pa WhatsApp, ndi zithunzi za mutu wa dzulo ndi wa lero, akumeretsa ndalama m'thumba la wogulitsa basi. Ndalamayo kagulireni ana nsapato.

Poyambira ndi chipatala chaching'ono cha kwanu, kapena mlangizi wa zaumoyo amene amayendera mudzi wanu. Zikakanika kumeneko amakutumizani kuchipatala cha boma, ndipo m'zipatala zazikulu, monga ku Gulupu ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe, muli mbali yoona za khungu. Ena mwa amene amagwira ntchitoyi m'dziko muno anaphunzira ku Moshi, ku Tanzania, kumene kuli sukulu ya matenda a khungu imene inatsegulidwa mu 1992 kuti izithandiza maiko a kuno. Popita, masulani meshi, vulani wigi, ndipo kwa masiku angapo musapake kanthu m'mutu, chifukwa wachipatala akufuna aone khungu mmene lilili, ndipo mwina akanda pang'ono kapena kuzula titsitsi tingapo kuti akaunike pa makina. Nyamulani kachubu kalikonse ndi kabotolo kalikonse kamene munapakapo, ngakhale kakuchititsani manyazi. Ngati munathira mafuta a mabuleki, nenani. Muwauze pamene zinayambira, amene ali nazonso kunyumba, ngati muli ndi mphaka kapena ng'ombe zothothoka ubweya, ndiponso ngati muli ndi pakati. Mukapeza mankhwala atatha, pemphani akulembereni dzina ndi mlingo m'buku la kuchipatala, mukagule kufamase yovomerezeka, osati pathebulo la pamsika pamene mapiritsi akhala padzuwa kuyambira m'mawa.